Ndani Angawauze Abusa Kuti Alakwa? Kuyerekeza Njira Zinayi Zoyendetsera Mpingo

Tsiku lina chaka chatha, dzuwa litapendeka, alamu anga anafika pakhomo atanyamula kope la ana asukulu. Gulu lawo la mapemphero linayamba ndi mabanja anayi pabalaza. Lero akubwereka kalasi pa sukulu ina ya pulayimale, ndipo Lamulungu ena amachita kuima m'mawindo. Chopereka chayamba kuoneka, achinyamata awiri akufuna kudalitsa ukwati, ndipo manong'onong'o ayamba kale oti kodi ndalama zimagona kwa yani. Atakhala pansi anati, "Alamu, inu mwakhalitsa pa ukulu wa mpingo. Tiyende bwanji? Tiike munthu mmodzi akhale mutu wathu, tisankhe komiti, kapena tikagogode ku mpingo wina waukulu utitenge?"

Ine ndinawabwezera funso: tsiku limene mtsogoleri wanuyo adzalakwe, adzamuuze ndani, nanga n'chiyani chidzamuchititse kumva? Iwo anati mbale amene akumuganizirayo ndi munthu woopa Mulungu. Sindinatsutse, chifukwa ndimamudziwa, ndi munthu wabwinodi. Komatu Petro nayenso anali woopa Mulungu, ndipo ku Antiokeya panafunika Paulo kuti amutsutse pamaso pa onse atayamba kupewa kudya ndi Akhristu a mitundu ina. Funso lomwelo ndilo muyeso wanga pa njira zinayi zimene timaziona m'mipingo ya kuno kwathu.

Zimene Malemba sanabise

Chipangano Chatsopano sichinatisiyire buku la malamulo lolembedwa mutu ndi mutu ngati la bungwe, n'chifukwa chake Akhristu oona mtima amasiyana pa nkhaniyi. Koma zilipo zinthu zimene zili poyera moti aliyense wotsegula Baibulo aziona.

Ulamuliro mu mpingo ulipo ndithu. Ahebri 13:17 akutiuza kumvera atsogoleri athu, ndipo chifukwa chake chili pomwepo: amalondera miyoyo yathu monga anthu amene adzayankhe pamaso pa Mulungu. Amene amati "ine m'busa wanga ndi Yesu yekha, munthu sangandiuze zochita" sanawerenge ndimeyi. Koma pa Marko 10, Yakobo ndi Yohane atapempha mipando ya kudzanja lamanja ndi lamanzere, Yesu anatchula mmene mafumu a dziko amapondera anthu awo, nanena kuti pakati pa ophunzira ake zisadzatero. Petro, amene analipo tsiku limenelo, atakalamba analembera akulu kuti awete nkhosa mosakakamizidwa, mosatsata phindu, ndiponso mosachita ufumu pa anthu amene anapatsidwa.

Chinthu china chimene chimandikhudza nthawi zonse n'chakuti atsogoleriwa amatchulidwa ali ambiri. Paulo ndi Barnaba anaika akulu mu mpingo uliwonse, atero Machitidwe 14:23. Tito anasiyidwa ku Krete kuti aike akulu m'midzi yonse. Pa Machitidwe 20 Paulo ali ku Mileto anaitanitsa akulu a mpingo wa ku Efeso, ndipo polankhula nawo anawatcha oyang'anira, nawauza kuti awete mpingo. Mkulu, woyang'anira, mbusa: mayina atatu, anthu omwewo.

Mukawerenga zoyenereza za pa 1 Timoteo 3, mupeza kuti pafupifupi zonse ndi za khalidwe. Akhale wodziletsa, wochereza alendo, wosaledzera, wosakonda ndewu, wosakonda ndalama, woyendetsa bwino nyumba yake, wosangotembenuka kumene, wa mbiri yabwino ngakhale kwa akunja. Luso lotchulidwa ndi limodzi, kudziwa kuphunzitsa. Kenaka pa mutu 5 pali mawu awiri oyandikana amene tiyenera kuwagwira onse pamodzi: mlandu wa mkulu usalandiridwe popanda mboni ziwiri kapena zitatu, koma wochimwa adzudzulidwe pamaso pa onse. Mtsogoleri atchinjirizidwe ku miseche, koma asakhale khoswe wa pa mkhate amene sapheka.

Njira ya maepiskopi

Iyi ndiyo yakale kwambiri mwa zonse zimene zili ndi maonekedwe okhazikika. Cha m'ma 110, Ignatius wa ku Antiokeya, ali pa ulendo wokaphedwa ku Roma, analemba makalata olimbikitsa mipingo kumamatira kwa episkopi mmodzi wothandizidwa ndi akulu ndi atumiki. Kuno kwathu njirayi tiidziwa mwa Akatolika ndi Aanglikani. Inafika ndi Bishopu Charles Mackenzie ku Magomero mu 1861, ndipo ansembe a Chikatolika anakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902.

Mphamvu yake ndi umodzi. Amene analipo pa 8 Malichi 1992 sadzaiwala. Kalata imodzi ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse tsiku limodzi, kunena zimene aliyense ankaopa kunena za umphawi, za kumanga anthu popanda mlandu, za kutseka anthu pakamwa. Boma linakwiya, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Mpingo umene gulu lililonse limayenda palokha sukanatha kulankhula ndi pakamwa pamodzi chotero. Ubwino wina ndi wakuti bambo mfumu si mwini parishi. Anachita kutumidwa, ndipo amene anawatumawo angathe kuwasamutsa. Mkhristu wodandaula ali ndi khomo lina loti akagogode. Chiphunzitso nachonso sichisintha chifukwa chakuti wansembe wina walota usiku.

Vuto limabwera pamene wolakwa ndi episkopi mwiniyo. Abale athu a ku Harare anaziona ndi maso. Mu 2007 Nolbert Kunonga, yemwe anali bishopu wa Anglican kumeneko, anadzipatula ku chigawo cha mpingowo cha pakati pa Africa, chimene chimaphatikiza Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana, ndipo anagwira matchalitchi ndi katundu. Mpingo unamudula mu 2008, koma Akhristu ambiri anapitiriza kupempherera panja ndi m'malo obwereka mpaka khoti lalikulu la dzikolo linagamula mu 2012. Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Analipo omuposa oti amuchotse, ndipo anamuchotsadi. Koma zinatenga zaka zisanu za misozi, chifukwa mphamvu zambiri zinali zitaunjikana pa mpando umodzi.

Mkhristu wamba mu njira iyi mawu ake ndi ochepa pa zosankha zikuluzikulu. Akatolika anaona mpata umenewu, ndipo miphakati imene Bishopu Patrick Kalilombe anailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970 inabweretsa mpingo pakhonde la munthu. M'midzi yambiri, kumene wansembe amafika mwa apo ndi apo, amene amanyamula katundu wa tsiku ndi tsiku ndi akatekisi ndi atsogoleri a mphakati.

Njira ya akulu ampingo

Ndinene poyera kuti ine ndinakulira mu njira imeneyi, ndipo ndimaikonda. Inakonzedwa bwino ku Geneva m'masiku a John Calvin kuyambira 1541, inazika mizu ku Scotland kuyambira 1560, ndipo inafika kuno ndi mishoni ya Livingstonia mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ndi a Dutch Reformed amene anayamba ku Mvera mu 1889. Livingstonia ndi Blantyre analumikizana mu 1924 kupanga CCAP, Nkhoma, ya a Dutch Reformed aja, inalowa mu 1926, ndipo pambuyo pake anabwera Harare mu 1965 ndi Zambia mu 1984.

Kayendedwe kake n'kotere. Akhristu amasankha akulu. Akuluwo pamodzi ndi abusa amakhala bwalo la mpingo, limene ambiri timangoti seshoni. Mipingo ingapo imakumana mu presbiteri, mapresbiteri amakumana mu sinodi. Abusa amatsogolera msonkhano, koma chogamula ndi cha bwalo. Munthu amene sanakhutire ndi chigamulo angathe kukasuma pamwamba. Mtsogoleri wa sinodi amakhala pa mpando kwa nyengo yoikika, kenaka amabwerera kukaweta nkhosa monga anzake.

Mchewa sazizwa nazo zimenezi. Mfumu ya m'mudzi siweruza yokha. Pabwalo nduna zimayamba zalankhula, mbali zonse zimveka, ndipo mfumu imangomanga mawu pomaliza. Mutu umodzi susenza denga. Ngakhale Mose anachita kuuzidwa ndi mpongozi wake Yetero kuti kuweruza yekha kuchokera m'mawa mpaka madzulo kudzamulefula iye pamodzi ndi anthu ake.

Tsiku limene ndinamvetsa kukoma kwa njirayi ndinali ndisanathe chaka pa ukulu. Tinali m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, pa mabenchi opanda choyedzamira, mvula ikuwomba malata moti mlembi ankachita kukweza mawu powerenga mfundo za msonkhano wapita. Abusa athu a nthawi imeneyo, munthu wachangu ndi wokonda ntchito, anali atalonjeza kale mmisiri wina kuti ayambe kumanga mpanda, ndalama zake zichokere m'thumba la masika. Anatiuza monga chinthu chotha kale. Tonse tinangoti zii. Ndiye anaimirira mkulu wina wokalamba, mlimi, jekete lake lothothoka m'zigongono. Anavula magalasi, nati mofatsa: "Abusa, mpandawo ndi wabwino, ndipo ine ndidzaponya njerwa zanga. Koma ndalama za masika Akhristu anapereka titawauza kuti n'za denga la nyumba ya mapemphero ya kutsidya. Tikazipatutsa osawauza, chaka chamawa tidzaima bwanji pamaso pawo?" Nkhope ya abusa inagwa. Panapita kanthawi, mvula yokha ikumveka. Kenaka anati, "Akulu, ndalakwa. Ndinathamanga." Anapita okha kukapepesa kwa mmisiri uja. Mpanda unamangidwa patatha zaka ziwiri, ndi ndalama za pepala Sande, ndipo abusawo anachoka pa mpingo pathu akulemekezedwa kuposa mmene anabwerera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma damboli limagwira ntchito pokhapokha mkulu ali ndi ufulu woimirira, ndipo mbusa ali ndi mtima wokhala pansi.

Tsono zofooka zake ndimazidziwa chifukwa ndakhala m'kati. Zinthu zimayenda pang'onopang'ono. Nkhani yoti ithe lero imatumizidwa ku komiti, komiti ikatumiza ku presbiteri, mwini nkhani n'kufika potopa. Nthawi zina ukulu umaperekedwa poyang'ana galimoto ndi udindo wa kuntchito, osati zoyenereza za kwa Timoteo zija. Pali maseshoni amene akulu makumi atatu amangogwedeza mutu pa chilichonse chimene abusa anena, ndipo pamenepo dzina lokha ndilo la akulu, ulamuliro ndi wa munthu mmodzi. Chimene chimandipweteka koposa ndi chilango chokondera: mtsikana amene watenga pakati amadulidwa Lamulungu lomwelo, dzina lake n'kuwerengedwa kutsogolo, pamene bambo wolemera amene mudzi wonse ukudziwa za nyumba yake yachiwiri akupitiriza kugawa mgonero. Yakobo analemba za tsankho lotere pa mutu 2 wa kalata yake, ndipo mawu akewo sanakalambe.

Mabwalo nawonso amatha kulakwa ali gulu. Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda amene Livingstonia inadzoza mu 1914, anatuluka mu 1933 atatopa ndi mmene amishoni ankagwirira mphamvu m'mabwalo omwe pa pepala anali a onse. Ndipo mkangano wa malire pakati pa masinodi a Nkhoma ndi Livingstonia unaonetsa kuti bwalo la pamwamba likakhala lopanda mano, abale a mpingo umodzi angathe kumanga matchalitchi moyang'anizana. Nanga amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano, amene amadzaza mabenchi, kuyendera odwala ndi kugona pa maliro, mawu awo amafika bwanji pamene zinthu zikugamulidwa? Seshoni yanzeru imawafunsa isanamange mfundo, chifukwa iwo ndiwo amadziwa nyumba imene mwagona njala.

Njira yoti mpingo wonse ugamule

Abaptisti, amene chiyambi chawo chimatchulidwa ku Amsterdam mu 1609 ndi John Smyth, pamodzi ndi a Mpingo wa Khristu ndi ena, amati ulamuliro womaliza pansi pa Khristu uli mu msonkhano wa Akhristu onse a pamalopo. Iwo ndiwo amaitana mbusa, kuvomereza ndondomeko ya chuma, kulandira ndi kuchotsa mamembala. Mabungwe a pamwamba amangolangiza ndi kuthandiza. Maziko ake ndi olimba: pa Mateyu 18 mlandu ukakanika pa awiri ndi atatu, Yesu akuti uuze mpingo, ndipo pa Machitidwe 6 atumwi sanasankhe okha amuna asanu ndi awiri aja, anauza khamu kuti lisankhe.

Njirayi imafala msanga m'midzi chifukwa anthu sadikira chilolezo chochokera kutali, ndipo Mkhristu aliyense amadziwa kuti mpingo ndi wake. Pa funso langa lija yankho lake n'lomveka: mbusa akalakwa, mpingo umuuza. Koma nanga mpingowo ukalakwira mbusa? Pa mudzi pamene theka la Akhristu ndi mbumba imodzi, msonkhano wa mpingo umasanduka msonkhano wa banja. Mbusa akadzudzula mwana wa mwini dera, chopereka chimauma mwakachetechete mpaka yekha amange katundu. Alibe kokasuma. Ndipo mbali imene yagonja pa voti kawirikawiri imangonyamula mabenchi ake n'kukayamba wina pansi pa mtengo wa mango. Mipingo ya njirayi imene ndaiona ikuyenda bwino ndi imene inaika akulu angapo oti azitsogolera tsiku ndi tsiku, msonkhano wa onse n'kusungira nkhani zikuluzikulu.

Njira ya mtumwi kapena mneneri woyambitsa

Apa ndilankhule mosamala, chifukwa ambiri amasokoneza. Si mpingo uliwonse wa Chipentekoste umene uli wa munthu mmodzi. Assemblies of God ili ndi malamulo ndi zisankho. Lazarus Chakwera anaitsogolera kuyambira 1989 mpaka 2013, ndipo atachoka kukalowa ndale mpingo unapitirira ndi mtsogoleri wina. Imene ndikunena ndi mipingo imene inayamba ndi masomphenya a munthu mmodzi, iye n'kukhala woyambitsa, mphunzitsi, woweruza ndi msungichuma nthawi imodzi.

Zabwino zake zisakanidwe. Ambiri mwa anthuwa anayamba ndi moto weniweni, kulalikira m'misika ndi m'mabasi pamene ife tinali m'misonkhano. Amagamula lero n'kuchita lero. Achinyamata amene kwathu ankangokhala kumbuyo, kumeneko amapatsidwa maikolofoni ndi ntchito. Munthu wodwala kapena wosowa ntchito amapemphereredwa ndi dzina lake, osati kungotchulidwa m'zolengeza. Mipingo yakale ikanafunsa chifukwa chimene ana ake amapitira kumeneko masana atapemphera kwawo m'mawa, ikanaphunzira zambiri.

Koma pa funso langa lija, njira iyi kawirikawiri ilibe yankho. Komiti ikakhalapo, anaisankha ndi woyambitsayo, amene anthu ake amamutcha papa, ndipo angathe kuichotsa Lamulungu lotsatira. Wofunsa za ndalama amauzidwa kuti ali ndi mzimu woukira. Ndime imene imatuluka msanga ndi Masalmo 105:15, yoti musakhudze odzozedwa anga. Werengani salmo lonselo: likunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo ali alendo ochepa m'dziko la eni, ndipo amene akuchenjezedwa ndi mafumu kuti asawachite choipa. Silikuletsa Mkhristu kufunsa mbusa wake. Davide anali wodzozedwa weniweni, koma Natani anamulowera m'nyumba n'kumuuza kuti munthuyo ndi iyeyo. Paulo anauza Akorinto kuti aneneri akalankhula, ena ayese zimene zanenedwa. Ndipo m'kalata yachitatu ya Yohane muli dzina la Diotrefe, munthu wokonda kukhala woyamba, amene ankakana abale ndi kutulutsa mu mpingo aliyense wowalandira. Matendawa ndi akale ngati mpingo womwe.

Msuweni wanga wina ankagulitsa kaunjika. Anali atasonkhanitsa mpamba wa belo limodzi patatha miyezi yambiri akudya zosakhuta. Pa msonkhano wa usiku wonse anauzidwa kuti abzale mbewu yopweteka kuti chitseko chake chitseguke, ndipo anatumiza zonse pa nambala ya foni ya munthu wa Mulunguyo. Nditapita kukamuona ndinapeza benchi lake la kumsika litatsamira khoma, mahang'ala ali mulu m'beseni. Sanalire. Anangoti, "Achimwene, mwina chikhulupiriro changa n'chimene chinachepa." Mawu amenewo anandilasa kuposa ndalamazo, chifukwa anamulanda mpamba n'kumusiyira mlandu. Panalibe mkulu, panalibe bwalo, panalibe buku la chuma loti wina akatsegule. Ezekieli 34 akunena za abusa odyetsa mimba zawo nkhosa zili ndi njala, ndipo Mulungu akuti adzafunsa nkhosa zake m'manja mwawo.

Yerekezani ndi Paulo. Pamene ankasonkhanitsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, sananyamule thumba yekha. Pa 2 Akorinto 8 akutchula mbale wosankhidwa ndi mipingo kuti ayende nawo, ndipo akufotokoza kuti akufuna zinthu zikhale zolongosoka pamaso pa Ambuye komanso pamaso pa anthu. Ngati mtumwi amene anaona Khristu pa njira ya ku Damasiko anafuna mboni pa ndalama, palibe kudzoza kumene kungamasule munthu wa lero ku zimenezi.

Palinso nkhani ya mawa. Malo a tchalitchi akalembedwa m'dzina la woyambitsa, tsiku la maliro ake mpingo umasanduka chuma chamasiye, mkazi, ana ndi wachiwiri wake n'kumakokana kukhoti. Mpingo umapirira imfa ya mtsogoleri ukakhala ndi anthu ophunzitsidwa ndi abale akunja oti augwire dzanja. John Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, ndipo ataphedwa mu 1915 tchalitchi chinagwetsedwa, ntchito n'kutsekedwa. Koma mu 1926 Dr Daniel Malikebu, mwana wa mishoni yomweyo, anabwerera kuchokera ku America mothandizidwa ndi National Baptist Convention n'kuitsegulanso, ndipo ilipo mpaka lero.

Zimene ndinawauza alamu anga

Sindinawabisire kuti mtima wanga uli ku njira ya akulu angapo ofanana mphamvu, osankhidwa ndi Akhristu, ndipo olumikizana ndi mipingo ina imene ingathe kulowererapo zinthu zikavuta. Ndiyo imene ndimaiona pafupi kwambiri ndi Machitidwe a Atumwi, kumene ngakhale mpingo wamphamvu wa ku Antiokeya unatumiza nkhani yake ku Yerusalemu kuti atumwi ndi akulu akaikambirane. Koma ndinawauzanso kuti ndikadasankha kukhala pansi pa episkopi wodzichepetsa kapena woyambitsa amene anadzimangira yekha mpanda, kusiyana ndi seshoni ya akulu ogona.

Kwa gulu ngati lawo, kulowa pansi pa mpingo wokhazikika kuli ndi phindu limene anthu amalipeputsa. Mumapeza chiphunzitso choyesedwa kale, abusa ophunzitsidwa, njira yodalitsira maukwati yovomerezeka, ndi kokasuma. Mtengo wake ndi wakuti mudzataya ufulu wina, mudzapereka gawo la chopereka kulikulu, ndipo zina zimene mumachita mwachangu zidzayamba kudikira msonkhano. Ngati zimene mumakhulupirira sizikusiyana ndi za mpingo umene ulipo kale, dzifunseni moona mtima chimene mukuyambira wina.

Akasankha kuima paokha, ndinawapempha kuti alembe zinthu zingapo tsopano lino, pamene onse akudyerana m'mbale imodzi, chifukwa malamulo olembedwa mkangano utabuka aliyense amawaona ngati msampha. Akulu asachepere atatu, ndipo asakhale a nyumba imodzi. Chopereka chiwerengedwe ndi anthu atatu chisanatuluke m'kalasimo, onse asayine m'buku, ndipo wolalikira asakhale mmodzi wa iwo. Ndalama zipite ku akaunti ya mpingo ya osayinira awiri kapena atatu, ndipo miyezi itatu iliyonse msungichuma aime kutsogolo n'kuwerenga zolowa ndi zotuluka. Malo akadzagulidwa alembedwe m'dzina la mpingo kudzera mwa matrasti, anthu osankhidwa kusunga katundu m'malo mwa mpingo. Alembe mmene mtsogoleri amasankhidwira, zaka zimene akhale, ndi mmene angachotsedwere, pamodzi ndi chitetezo chake cha mboni ziwiri kapena zitatu chija kuti asagwe ndi mphekesera. Apeze abusa awiri kapena atatu okhwima a mipingo ina amene onse akuwavomereza, oti adzaitanidwe nkhani ikadzakanika m'nyumba. Ndipo amene akugwira ntchito ya kulalikira ndi kuphunzitsa asamalidwe mokwanira, monga 1 Timoteo 5:17 anenera, chifukwa mbusa wanjala timamuika tokha m'mayesero.

Alamu anga analemba zonsezi m'kope muja, nafunsa kuti kodi mbale uja sadzaona ngati sakumukhulupirira. Ndinawauza kuti akamuonetse iye poyamba, asanaonetse gulu, ndipo akayang'ane nkhope yake pofika pa mfundo ya kuchotsa mtsogoleri.

Patapita masabata atatu anandiimbira foni. Za kulowa pansi pa mpingo wina akadakambirana, ndipo maganizo agawikana. Koma mbale uja atawerenga pepalalo anatenga cholembera n'kuwonjezera mfundo yake: kuti iye ndi mkazi wake asakhale m'gulu la osayinira ku banki. Chitini cha chopereka chimene chinkagona kunsi kwa bedi la alamu anga chinapita ku banki Lolemba lotsatira, atanyamula amayi awiri ndi mnyamata mmodzi wa kwaya.